Ubatizo wa M'chikuta

Mwana wa Zelesi anabadwa ali zii, osalira. Bambo wa mwanayo anali ku migodi ya ku Joni, wansembe ali kutali ku mishoni. Amayi ake a Zelesi anatunga madzi mumtsuko, ozizira ndi chisanu cha ku Tsangano, kuti khandalo lisapite losabatizidwa.

"Ndikukubatiza m'dzina la Atate." Anathira pamphumi. Mwana sanagwedezeke.

"Ndi la Mwana." Anathiranso madzi. Zelesi anatembenukira kukhoma, ataluma nsalu.

"Ndi la Mzimu Woyera."

Kamwendo kanaphiriphitha. Khanda linayetsemula, kenako linalira mpaka nkhuku panja zinabalalika.

Zelesi anaseka, misozi ili mbwembwembwe. "Amayi, mwa atatuwo, wandibwezera mwanayu ndi uti?"

"Ndi Mmodzi yemweyo, mwana wanga. Tamuyamwitsa."