Wometa Amene Anakana Kugwa ndi Msana

Panali munthu wina wometa tsitsi, ndipo amene anandiuza akuti ndi zoona. Anali ndi kashopu ka galasi limodzi, ndipo manja ake anali opepuka mwakuti anthu ankaodzera akumetedwa. Akatseka shopu ankathamangira ku holo kukasewera judo, masewera aja ogwirana malaya n'kumagwetsana pa matiresi. Mu judo, mnzako akakugwetsa chagada msana n'kugunda pansi, basi waluza. Ndiye mkuluyu analumbira kuti msana wake sudzagunda pansi. Anzake anamupatsa dzina loti Sagwa, ndipo dzinalo linamukwera m'mutu.

Anali ndi kanjira kake. Akamuponya m'mwamba, ankapinda thupi ngati uta n'kutera ndi mutu ndi zidendene, msana uli m'malere. Anzake ankaimba m'manja. Iye ankati m'mwamba muja mumakoma: phokoso limazima, denga limazungulira pang'onopang'ono, fumbi likuyandama m'kuwala kwa mawindo, munthu n'kumamva ngati sudzatsikanso.

Mphunzitsi wawo, mayi wosalankhulalankhula, anamuitanira pambali.

"Achimwene, chibwano pachifuwa, dzanja limenye matiresi, mugwe ndi msana. Msana ndi waukulu, umagawa ululu. Khosi ndi timafupa tating'ono tosanjikizana, ndipo mkati mwake mwadutsa mtsempha woyendetsa manja ndi miyendo. Mukatera ndi mutu, thupi lanu ndi la mnzanu zonse zikutsamira pamenepo. Manja mukudyerawo mudzawataya."

"Aphunzitsi, langali ndi khosi la ng'ombe," anatero Sagwa akuseka. "Zakugwazo muziphunzitsa ongoyamba kumene."

Anzake akamayeserera kugwa, iye ankakhala pabenchi n'kumakonza lamba wake, maso ali kutali, akudziona atavala mendulo. Mphunzitsi akamafotokoza malamulo a mpikisano, mawu ankangomudutsa pamwamba.

Mpikisano wake woyamba unafika. Anamuphatikiza ndi bambo wina wojintcha, wofatsa. Bamboyo anamukoka, anamuika pachiuno, Sagwa n'kuuluka. Anaona magetsi a padenga akusambira. Anaona mkazi wake ataimirira pakati pa oonerera, dzanja lili kukamwa. Anamva mawu a mphunzitsi chapatali, ngati munthu akuitana kutsidya la mtsinje: "Chibwano! Chibwano!" Koma thupi linachita zomwe linazolowera. Mutu unatsogola, mnzake uja n'kugwera pamwamba pake. Sanamve kuwawa. Anangomva kutentha kukutsetsereka m'mapewa, kenako zii.

Kuchipatala anagona chagada, khosi atalimanga. Ankalota ali m'shopu, makina ometera akulira, zala zikuyenda m'tsitsi la kasitomala. Akadzidzimuka ankapeza manja ali pabulangete, pomwe anesi anawasiya. Adokotala anati fupa la m'khosi linathyoka n'kufinya mtsempha uja, ndipo za zala sakulonjeza chilichonse. Zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa munthuyu sanali woipa, anangokonda kutamidwa.

Atayamba kulankhula bwinobwino, anaitana mkazi wake.

"Amayi a mwana, tandiuzani zoona. Msana unagunda pansi?"

"Sunagunde, bambo."

Anamwetulira, maso ali kudenga. "Ndiye sindinaluzetu."

Mkazi wakeyo anamupukuta pakamwa ndi kansalu, misozi ikulengeza.

"Munaluza, bambo. Woyimbira masewera anati wotera ndi mutu mwadala malamulo amamutenga kuti wagwa. Analoza mnzanu uja kuti wapambana, inu akukutulutsani pamachira."

Phunziro: Musanaphunzire kugwetsa anzanu, yambani mwaphunzira kugwa. Kuluza masewera si imfa, mawa mudzadzuka n'kuyambiranso, koma khosi ndi limodzi ndipo silibwerekedwa. Mphunzitsi akati chibwano pachifuwa, mverani, ngakhale anzanu akukuimbirani m'manja. Musaisunge nokha nkhaniyi. Itumizeni kwa aliyense amene amasewera zogwetsana, ndi kwa makolo amene ana awo angoyamba kumene, aiwerenge asanapondenso pa matiresi.