Dzanja pa Chifuwa cha a Bennet

Constance anaima pakhonde la wodi yotsukira magazi, akusuzumira pagalasi la chitseko. Sanauze aliyense kuti abwera. Benchi lake la kaunjika mumsika wa Limbe analisiya m'manja mwa mnzake n'kukwera minibasi.

Amuna ake, a Bennet, anali pabedi lachinayi monga mwa nthawi zonse. Impso zawo zinasiya kugwira ntchito zaka zitatu zapitazo. Lachitatu ndi Loweruka lililonse ankagona pamenepo maola anayi, timapaipi tiwiri tili kumkono wamanzere, makina akusefa magazi awo. Mu Juni mtima nawo unayamba kufooka, mpaka tsiku lina anakomoka podikira minibasi. Madokotala anawaika kachipangizo pansi pa khungu, chakumanja kwa chifuwa, kothandiza mtima kugunda bwino. Anthu kwawo ku Chigumula ankangoti batire.

Chiwaikireni batirelo, a Bennet anasintha. Anamuletsa kuwaperekeza Lachitatu. "Geni ingafe," ankatero. Koma Loweruka sankakana. Lachitatu ankasita okha malaya, ndevu n'kumeta. Pobwerako, malayawo ankamveka lubani, chinthu chimene m'nyumba mwawo sichinayatsidwepo. Akawafunsa, ankayang'ana kumbali.

Lero, Lachitatu, mwini fungolo anamuona ndi maso. Anali mayi wachimwenye, wamsinkhu wake womwewo, atavala zoyera zokhazokha. Constance anamuzindikira. Anali Hema, wa sitolo ya nsalu kumtunda kwa msika. M'chipindamo analibe wodwala wake. Anadutsa mabedi atatu osacheuka, manesi akumupatsa moni ngati munthu wozolowereka.

Ndiye kuti onsewa akudziwa, anaganiza Constance. Chitsiru ndine ndekha.

Hema anakoka mpando n'kukhala pafupi kwambiri ndi bedilo. Sanalankhulane zambiri. A Bennet anayang'ana uku ndi uku, kenako ndi dzanja lamanja anamasula mabatani awiri a malaya. Mayiyo anaika chikhatho chake pachifuwa chawo n'kutsinzina.

Constance anagwira chigwiriro cha chitseko. Ndi iye amene ankawaphikira ndiwo zopanda mchere pamphika wapadera. Ndi iye amene ankawayezera madzi akumwa pakapu, kuwamana ngakhale akudandaula ndi ludzu. Atangochitidwa opaleshoni, ndi iye anagona pansi m'chipatala masiku asanu ndi limodzi. Koma bala litapola, iye akangoti afikitse dzanja pamalo amenewo, a Bennet ankalikankha. "Osakhudza, pangalowe matenda."

Lero matendawo apita kuti?

Anakankha chitseko. Nesi wina anamuitana kuti asambe kaye m'manja, koma iye anangodutsa.

"Chotsani dzanja lanulo."

Odwala a mabedi ena anatembenuka. A Bennet anafuna kudzuka, kapaipi kanapindika, makina n'kuyamba kulira.

"Amake Esther, takhalani pansi kaye."

"Ndikhale pansi ndizionerera? Zaka makumi awiri ndi zitatu, bambo a Esther. Mwadikira kuti mudwale ndiye muyambe zimenezi? Pamaso pa anthu?"

Nesi uja anathamangira kudzawongola kapaipiko. Makina anasiya kulira. A Bennet anayang'ana kumbali. Kwa Constance limenelo linali yankho lokwanira.

Hema anaimirira. Sanathawe, sanachitenso manyazi. Maso ake anali onyowa.

"Pepani, mayi," anatero m'Chichewa chosalala. "Ndinawapempha kuti akuuzeni. Iwo anati mukadziwa mudzaopa kugona nawo chipinda chimodzi."

"Ndiope chiyani ine?"

"Amuna anga, a Pravin, nawonso ankatsukitsa magazi, kuchipatala china. Anamwalira mu Meyi, Lachitatu. Ife maliro timawotcha, ndiye batire amayamba alichotsa. Lawo linali lidakali latsopano. Ndinasayina kuti alikonze lithandize munthu wina." Analoza kachotupa ka batirelo pachifuwa cha a Bennet. "Ndi limeneli. Ndimangobwera kudzamva kuti likugwirabe ntchito."