Pusi wa a Ocholi

Bwato linalowa m'mudzi mwathu podutsa pamwamba pa munda wa zilazi wa abusa. Inde, pamwamba. Chaka chimenecho mtsinje unatiyendera ngati mlendo wopanda manyazi, mpaka kutigonera pabedi.

Wopalasa anali Achenyo, mayi wosasunga mawu m'kamwa. Kutsogolo kunakhala alamu ake, a Ocholi, atafungatira phava la nthochi. Ankapita kukafuna Sajeni, pusi wawo.

Musaseke. Chimwalirireni akazi awo, wodya nawo mbale imodzi anali pusi ameneyu. Ndipo m'mudzi monse panalibe amene anakonzekera madzi ngati a Ocholi. Dengu lachivindikiro lonyamulira Sajeni linali pamsomali. Mtedza m'chitini. Kansalu komufunditsa m'pulasitiki. Enafe tinangokonzekera kukuwa basi. Koma tsiku limene chitsulo chochenjeza anthu chinalira, mkuluyu anali kumsika ku Idah, ndipo msewu unaduka kumbuyo kwake. Analira pagombe mpaka Achenyo anatopa nawo n'kubwereka bwato.

"Alamu, nenani zoona," anatero Achenyo. "Mwana wanuyo munamusiya pa unyolo? Ndisathyoke msana pachabe ine."

"Unyolo ndinamuvula mvula itangoyamba."

"Aa! Ndiye misozi yonseyi ndi ya chiyani? Munamvapo pusi womira? Ameneyo ali mumtengo, akuba magwafa a eni ake. Mukamupeza atanenepa kuposa inuyo."

Ndipo zoona, chilichonse chodziwa kukwera chinali chitakwera. Nkhuku zinali mbwee padenga la tchalitchi. Mbuzi ya mnansi wathu Ojoma, yopusa ija imadya sopo, inali itaima pamwamba pa chimbudzi ngati ikudikira woijambula. Ngakhale mphaka wokalamba wa kuchigayo anali pa nthambi, akunyambita mwendo.

"Mwaona? Mbuzi! Nanji Sajeni!" Achenyo anayamba kukuwira m'mitengo. "Sajeni iwe! Tsika, bambo ako abwera ndi nthochi! Ukachedwa ndidya ndine!"

A Ocholi sanaseke. M'mwambamo sanayang'anemo n'komwe.

"Khotera kunyumba," anatero chapansipansi.

Pabwalo pawo madzi anali atatsika, akulekeza m'chiuno. Koma pakhoma anasiya mzere wa matope, pamwamba penipeni pa chitseko. Mgwafa unali chiimire, nthambi zake zitagona padenga. Apo ngakhale ine, ndi mawondo angawa, ndikanakwera.

Nkhalamba inatsika m'bwato, n'kuyenda m'madzimo osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Nthochi zinatsala pampando.

Sajeni anali pakhomo. Kamkono kake kanali katalowa m'chigwiriro cha chitseko, ubweya uli matope okhaokha. M'chiuno munalibe unyolo, ngakhale kachingwe.

Achenyo anaika nkhafi pansi. Kenako anati, "Koma alamu, denga lili pompa. Mtengo uli pompa. Bwanji osakwera?"

A Ocholi anavula malaya, n'kumukulunga bwinobwino, kuyambira kumutu.

"Ndinkaopa kuti tsiku la madzi adzathawira m'mitengo, ine n'kumusowa. Ndiye ndinamuphunzitsa: chitsulo chikalira, khala pakhomo, usasunthe, ndikubwera kudzakutenga." Anamupukuta kumaso ndi chala. "Anamva, mlamu. Anamva bwinobwino."