Chikhomo Chimene Ndinasuntha

Bambo Mfumu anatambasula pepala la pulani ya 1938, ine kapitawo wa sukulu ya aphunzitsi ndikukoka chingwe. Maziko a nyumba yogona yatsopano ankadutsa pakona pa kalasi yathu yakale ya zidina.

"Mawa muigwetse, a Januario."

Zidinazo tinaumba tokha, ophunzira oyamba, aliyense n'kudindapo chala chake. Pakhomo pali chala cha Wilfred wa kwa Kabudula, amene anapita ku Joni osabwerako. Ndinaika changa m'menemo.

Bambo atapita kukadya, ndinazula chikhomo chomangapo chingwe chija n'kuchikhomera mapazi anayi kumadzulo.

Atabwerako anayang'ana chingwe nthawi yaitali.

"Kodi chawongoka chimenechi?"

"Chawongoka, Bambo."

Anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba. Nyumba yogonayo mpaka lero ndi yokhota pang'ono, ndipo kalasi yathu ikadalipo.