Anayeza Mankhwala a Malungo ndi Lilime

Panali munthu wina kwa Wimbe ku Kasungu, dzina lake Fumbani, katswiri posankha fodya. Ankangogwira tsamba, kulinunkhiza, basi wadziwa giredi yake. Vuto n'lakuti luso limeneli linamulowa m'mutu, mpaka ankaona ngati chilichonse pansi pano angachiyeze ndi maso ndi mphuno.

Nthawi yothyola fodya, mwana wake wamkazi, Nthanda, anatentha thupi. Tsiku lomwelo pamudzi panafika mlendo wa njinga yamoto, akugulitsa mapiritsi a malungo m'timapaketi tonyezimira.

"Bambo a Nthanda, tipite naye kuchipatala akamuyeze magazi," anatero mkazi wake, Agnesi. "Munthu uyu sitikumudziwa."

"Tikataye tsiku lonse pamzere, fodya akupsa m'munda? Bweretsani ndione."

Fumbani anatulutsa piritsi limodzi, kuliunika padzuwa, kulinyambita. "Chikasu chake n'chomwecho, ndipo akuwawa. Awa ndi enieni."

Anansi atamva kuti a Fumbani avomereza, nawonso anagula osungira. Ndani akanatsutsa munthu amene belo lake la fodya silinabwezedwepo ku okushoni?

Nthanda anamwa m'mawa ndi madzulo, koma thupi osazizira. Kenaka anayamba kukomoka. Agnesi sanapemphenso chilolezo kwa munthu. Anabereka mwana, kutola paketi yotsala, ulendo wa kuchipatala. Fumbani anawatsatira ndi njinga.

Mwana anamugoneka, n'kumubaya jakisoni. Mwamwayi, sabata imeneyo pachipatalapo panali anthu oyeza mankhwala, aja amayenda m'zipatala ndi m'misika zida zawo zili m'sutikesi. Mmodzi wa iwo, mayi Esime, anapempha paketi ija.

"Musavutike mayi, ndinawayeza kale ine," anatero Fumbani. Taonani munthu, mwana ali gone pabedi koma pakamwa osatopa.

Mayi Esime anaphwanya piritsi, kulisungunula, n'kudontheza pakambale koyezera. Pambali pake anadontheza mankhwala enieni. Atadikira pang'ono anaitana Fumbani kuti aone yekha. Mbali ya enieni panatuluka banga looneka bwino, mbali ya a mlendo uja panali mbee.

"Bambo, umu muli ufa, utoto ndi chowawitsa basi," anatero mayi Esime. "Opanga zabodza amadziwa kuti anthu mumalawa."

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Fumbani anakhala pansi.

"Ndiye mwana wanga wakhala akumwa ufa?"

"Inde. Madokotala akuyesetsa, tiyembekeze. Alipo ena amene anagula?"

Apa m'pamene Fumbani anagwidwa ndi mantha enieni, chifukwa mudzi wonse unagula pomvera mawu ake. Anapalasa njinga kubwerera, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kutolera mapaketi.

"Bwanji achimwene, giredi yatsika?" anamuseka ena.

"Sekani, koma patseni mapiritsiwo."

Pakhomo la mlamu wake Rute anapeza khanda lili pamwendo, thupi lili moto, piritsi laphwanyidwa kale m'supuni.

"Alamu, tayani zimenezo. Ndinakunamizani, ndi ufa. Kwerani panjingapa."

Anafika nawo kuchipatala thukuta lili kamukamu, khanda n'kulandira mankhwala oyezedwa. Iye anaima pakhomo la wodi, akuopa kulowa. Ali chiimire anamva mawu aang'ono mkatimo akukangana ndi Agnesi. Anali Nthanda, atakhala tsonga, akukana phala, ati akufuna chinangwa chootcha. Bambo wamkulu uja analira ngati mwana, anthu akuona.

Phunziro: Mankhwala si fodya, abale. Mtundu, paketi yokongola ndi kuwawa sizitsimikiza kanthu, abodza ndi enieni amasiyanitsidwa ndi zida zoyezera. Thupi likatentha thamangirani kuchipatala, osagula kwa oyendayenda, ndipo mankhwala okayikitsa kawaperekeni kwa azaumoyo. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi m'magulu anu onse, mwina wina supuni ili kale m'manja.