Bambo Ali Pansi pa Madzi

Alinane anali ndi chinthu chimene sanauzepo munthu. Bambo ake, a Weston, amene mpingo wonse wa ku Barking m'dziko la Britain unkawapempherera kuti adzavuuke bwino pansi pa nyanja, iye anawaona ku msika wa ku Romford, tauni yapafupi, akusankha mapeyala. Nsapato zouma bwinobwino. Pambali pawo panali mzimayi wa wigi yofiira, atawakolowekera mkono.

Lamulungu lina masana Alinane anaima pakhomo la khitchini ndi thireyi ya tiyi, akumva amayi ake, a Winfrida, akuphunzitsa alendo.

"Imeneyo si sitima wamba. Ndi yankhondo ya pansi pa madzi, yoyendera nyukiliya. Akangoiyatsa pomanga, zaka twente-faifi osamwetsanso mafuta. Mpweya imapanga yokha, madzi akumwa imasefa a m'nyanja omwewo. Chowatulutsa ndi chakudya basi, chikatha."

"Nanga chakudya cha a Weston sichikutha?" anafunsa a Shadrick. "Khirisimasi yadutsa, Pasaka wadutsa."

"Amakatenga kumalo achinsinsi n'kumiranso."

A Shadrick anali ankhoswe a banjali, ndipo udindowu ankaunyamula ngati mendulo. Kale bambo akachoka pakhomo, a Shadrick ndiwo ankawasaka mpaka kuwapeza, n'kuwabweza ndi sutikesi yawo, vesi la m'Baibulo ndi mawu akuti banja n'kupirira. Ulendo uno ntchito inawakanika. Foni ya bambo inali chete.

"Koma kungowamva mawu chabe," anadandaula.

"Achimwene," anatero amayi, "sitimayo thupi lonse anaimata matailosi a labala kuti adani asaimve. Imazemba ngati mphaka. Ndiye mukufuna foni yanu ikalire m'menemo, dziko la eni ligonje chifukwa cha inu?"

Azimayi a mapemphero anapukusa mitu. Wina anati Mulungu amakwezadi odzichepetsa.

Amakwezadi, anaganiza Alinane. Bambo ake anali oyendetsa vani ya mapaselo. Tsiku lina banja lonse linakwera boti la pa mtsinje wa Thames ku Greenwich, iwo anasanza boti lisanamasulidwe n'komwe. Koma boma la Britain linayang'ana anyamata ake onse ophunzira, linayang'ananso, n'kuona kuti woyenera kugona pafupi ndi nyukiliya ndi a Weston. Mu mpingo palibe anadabwa. Anthu ake omwewa amene amafunsa mwana magiredi ake phunziro ndi phunziro.

Chimene chinkamupweteka chinali amayi. Ku ntchito yawo yosamalira okalamba kunali mzungu wina amene anathera unyamata wake m'sitima zoterezi, ndipo amayi ankamufunsa chilichonse: amagona bwanji, amaona bwanji kunja, amasamba liti. Pobwera kunyumba ankazibwereza okha akusita. Munthu wamkulu kuloweza bodza la mwamuna wake ngati katekisimu! Sabata imene bambo anachoka amayi anasintha maloko, ati akuopa akazitape. Anayamba kuimba m'bafa. Masaya anadzadza. Alinane anawerengapo kusukulu kuti chisoni chimabwera m'njira zosiyanasiyana, ndiye anaganiza kuti chimenecho chinali chisoni.

"Ine mundipempherere," anatero mayi Mable, namwino, akunyika bisiketi mu tiyi. "Andisamutsira ku chipatala cha ku Romford. Ndiyamba mawa. Akuti msika wake ngwabwino, ndizikagula ndiwo poweruka."

Alinane anaika thireyi pa tebulo. Mayi Mable anali ndi maso a kabawi ndiponso gulu la pa foni la anthu osagona. Akangoona wigi yofiira ija, Barking yense adzadziwa amayi asanatsike sitima ya pamtunda ya District. Amayi adzamva kwa anthu omwewa, m'kati mwa pemphero, ndi mawu achifundo otsekemera aja amene amaluma kuposa chipongwe.

Alendo ananyamuka. A Shadrick anachedwa pakhomo akuvala chipewa.

"Akangovuuka mundiimbire, tikhale pansi. Banja silitha ife tisanamve mbali zonse ziwiri."

"Mudzakhala oyamba kudziwa," anatero amayi, n'kukhoma loko watsopano uja.

M'khitchini amayi ankatsuka, Alinane akupukuta. Kapu imodzi anaipukuta mpaka inayamba kulira. Nthawi zonse amayi akamulankhula Chichewa iye ankayankha Chingerezi, koma nkhani iyi anaona kuti m'Chingerezi imveka ngati ya pa TV. Anakonza mawuwo mumtima, n'kuyang'ana kumene kunali mpando kuti amayi akagwa awakhazike.

"Amayi, adadi sali m'madzi. Ndinawaona ku Romford. Ndi mzimayi wina."

Madzi anapitiriza kuthira mu sinki. Amayi anatseka mpopi pang'onopang'ono.

"Ku Romford?"

"Pepani, amayi."

"Chitsiru cha munthu. Tinagwirizana kuti akakhale kutali, ku Luton." Anapukuta manja pa chitenje n'kutenga foni. "Sitima imeneyo ndinawakweza ndine, mwanawe. Pamtunda paliponse a Shadrick akanawapeza n'kudzanditulira pakhomo. Tatseka chitseko ndiwauze amirenso."