Wolengeza Maliro Anaikidwa Popanda Womulengeza

Panali munthu wina kwathu kuno ku Paraíba, dzina lake Josenildo. Amene anandiuza nkhaniyi anali nawo pamaliropo, ndipo si munthu wokometsera nkhani.

Josenildo ankayendetsa galimoto yolengeza uthenga, ija ya chimkuzamawu padenga. Anamusiyira ndi mkulu wina wa m'tauni mwathu, bambo Anacleto, amene anagwira ntchitoyi zaka makumi atatu mpaka miyendo itayamba kuwakanika. Mukudziwa kuti kuno munthu akamwalira m'mawa timamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Galimotoyo ikapanda kuzungulira m'mafamu, kumene foni sigwira, anthu samva.

Wailesi ya m'galimotomo inali yakale, yothetheka. Anzake a njinga zamoto za hayala sankamupatsa mpata.

"Iwe Nildo, ukulengeza maliro kapena ukukazinga nsomba?"

Zinamulowa mumtima. Loweruka anapita kumsika n'kugula wailesi yatsopano yowala buluu, pamodzi ndi kabokosi kowonjezera mphamvu ya mawu. Wogulitsayo, amene sanamuonepo n'kale lonse, anati, "Achimwene, iyi mumanga nokha. Ikalira adzuka ndi a kumanda omwe."

Anakaimika galimoto pakhomo pa bambo Anacleto, foni kudzanja, akuonera kanema wa kamangidwe kake. Mkuluyo anali pampando wake panja.

"Mwana wanga, pita nayo kwa wamagetsi uja wa kuseri kwa tchalitchi. Mawaya ndi ntchito yake."

"Bambo, masiku ano zonse zili pafoni. Wofiira apa, wakuda apo, basi."

Anakoka waya wonenepa kuchokera ku batire, n'kuupisa pabowo la chitsulo popanda kuikapo labala. Atayatsa, wailesi inalira pang'ono, fyuzi n'kupsa. Anaika ina, inapsanso. Kachitatu anasolola kapepala konyezimira m'paketi ya fodya, n'kukulunga fyuzi yopsayo, n'kuibwezera. Wailesi inabangula mpaka agalu anathawa.

"Mwamva, bambo?"

"Ndamva. Koma fyuzi ikapsa kawiri sikuti ndi yoipa. Ikukuuza kuti penapake waya wasupuka. Imafa iyo kuti galimoto isafe."

"Yangochepa mphamvu. Wailesiyi ndi yaikulu."

Mkuluyo sanakangane naye. Anangoti, "Ine ndalengeza anthu onse a m'tauni muno. Tsiku langa likadzafika, udzafike mpaka kumafamu a kutsidya kwa mlatho. Anzanga ali kumeneko."

"Musadandaule, bambo. Adzamva ndi mbuzi zomwe."

Milungu itatu wailesi inagwira bwino, ndipo Josenildo ankayenda chifuwa patsogolo. Koma misewu yathu yamiyalayi imagwedeza galimoto, ndipo tsiku ndi tsiku chitsulo chinkadya waya uja.

Lachiwiri lina m'mawa, bambo Anacleto anamwalira atangomwa khofi. Akazi awo, mayi Marinalva, analemba uthenga pakapepala n'kumupatsa Josenildo m'manja.

"Tiika faifi koloko. Yambira kutsidya kwa mlatho, monga anakuuzira. Za m'tauni udzamalizira pobwera."

Ananyamuka misozi ili m'maso. Atawoloka mlatho anayatsa wailesi, nakweza mawu mpaka kumapeto kuti mkuluyo alemekezeke. Anangonena kuti, "Banja la malemu…" Fungo la labala linadzaza m'galimoto. Utsi unatuluka pansi pa chiwongolero. Anathira mchenga, moto unazima, koma mawaya onse anali atasungunuka. Galimoto sinalirenso, foni nayo sinkagwira.

Anayamba kuyenda pansi, dzuwa likuswa mtengo, akufuula ndi pakamwa. Mafamu athu ndi otalikirana. Anafika pa nyumba zinayi zokha, ndipo ziwiri zinali zotseka. Pobwerera anakwera ngolo ya bulu, n'kufika kumanda bokosi litatsitsidwa kale.

Anthu analipo khumi ndi mmodzi. Onyamula bokosi anaperewera, mpaka wokumba manda anachita kugwira nawo. Munthu amene analengeza maliro a tauni yonse anapita ngati mlendo.

Mayi Marinalva sanakalipe. Anangomuyang'ana Josenildo, amene zovala zake zinali mwaye wokhawokha, n'kumufunsa motsitsa mawu, "Anzawo aja amva?"

Josenildo anayang'ana pansi.

Wamagetsi uja atakoka galimoto mawa lake, anatulutsa kapepala ka fodya kaja n'kumuonetsa. "Ukanabwera, bowoli ndikanaika labala, ntchito ya mphindi makumi awiri. Safunsa anadya phula, mphwanga."

Koma chimene chimandipweteka ine n'chimene chinachitika Loweruka lotsatira. Josenildo anali pakhomo pa mayi Marinalva, akuwathandiza kubweza mipando ya pamaliro. Kunatulukira nkhalamba ina ya kutsidya kwa mlatho, itavala malaya a kutchalitchi, itanyamula tchizi mu kansalu. Inagogoda pachitseko n'kuseka.

"Odi! Ali kuti waphokoso uja? Muuzeni Anacleto adzuke, ndamubweretsera tchizi wake uja."

Mayi Marinalva anatembenukira kwa Josenildo. "Ndiwe wolengeza," anatero. "Auze."

Phunziro: Fyuzi ikapsa imakhala ikukuchenjeza, ndipo mkulu akalankhula amakhala ataonapo. Usatseke pakamwa chinthu chimene chikukuuza kuti penapake palakwika. Ntchito imene suidziwa upite nayo kwa eni ake, chifukwa tsiku limene idzakukanike silidzakhala tsiku wamba, lidzakhala tsiku limene wina akudalira iwe. Ukatha kuwerenga, tumizira mnzako uja amene amati zonse anaphunzira pafoni.